Dzuwa la Okotobala ndi mwana wosakhazikika

Ikafika miyezi ya Okotobala ndi Novembala kuno ku Makokola, mchenga umaotcha mapazi nthawi isanakwane n'komwe 10 koloko m'mawa. Mwera uja unkatiziziritsa mu Juni wapita, mvula nayo sinayambe. Mu Okotobala 2023 a nthambi yoona zanyengo anachenjeza kuti m'madera a m'mphepete mwa nyanja kutentha kufika madigiri 40, ndipo ambiri tikukumbukira mmene tinkagonera pabwalo. Nthawi yomweyi ana amakhala ali pakati pa teremu yoyamba, atapanikizana m'makalasi a malata.

Sabata lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anatikokera pambali ife a komiti ya zaumoyo. "Alongo, mwana uja wandikwana," anatero. "Ndakalipa, ndamenya, koma akungonyanyira." Mnyamatayo ali ndi zaka 11. Madokotala anawauza kale mayiwo kuti ali ndi vuto lotchedwa ADHD. M'miyezi yozizira ankayesako ndithu. Koma kutangoyamba kutentha anayamba kumenyana ndi anzake, kulira pa zinthu zazing'ono, ndipo kawiri konse anathawa m'kalasi n'kukapezeka kunyanja.

ADHD ndi vuto la mmene ubongo umakulira ndi kugwirira ntchito. Mwana amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, sakhazikika, ndipo amachita zinthu asanaganize. Zizindikiro zimayamba asanakwanitse zaka 12 ndipo zimaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Akatswiri amati mwa ana 100 aliwonse padziko lapansi, pafupifupi asanu ali nalo. Si ufiti, si ziwanda, komanso si kulera moipa. Sikuti mwana aliyense wopulupudza ali ndi ADHD ayi. Amene angatsimikize ndi achipatala, ndipo poyambira pabwino ndi kwa a zaumoyo wa maganizo pachipatala cha boma cha Mangochi.

Nanga dzuwa likulowapo bwanji? Titafunsitsa, tinapeza kuti mnyamatayo sankagona. Ana ambiri a ADHD amavutika kale kupeza tulo, ndiye taganizani chipinda cha malata chomwe chaphika tsiku lonse, mawindo otseka poopa akuba. Ankatembenuka mpaka pakati pa usiku, 5 koloko adzuke. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 a tulo, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Tulo tikaperewera, ngakhale ife akuluakulu mtima umakhala pafupi. Kwa iye, kamphamvu kakang'ono kodzigwira kamene anali nako kankathera pamphasa pomwepo.

Chachiwiri ndi madzi. Mwana wotereyu akatengeka ndi mpira saona ludzu, amathamanga mpaka thukuta kuuma. Thupi likaperewera madzi, mutu umapweteka ndipo maganizo amabalalika. Kumuuza kuti "uzimwa madzi" n'kutaya mawu, adzaiwala asanatuluke pachipata. Chomwe chinathandiza n'kumangiriza madziwo ku zinthu zimene amachita kale: kapu akadzuka, botolo m'chikwama, kapu akangofika kuchokera kusukulu. Madzi a mumtsuko amazizira bwino popanda magetsi. Tinamuphunzitsanso kuyang'ana mkodzo wake. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, ndiye kuti thupi lauma. Izi anazikonda, mwina chifukwa zinkamuseketsa.

Mabanja ochepa amene ana awo amamwa mankhwala monga methylphenidate adziwe kuti mankhwalawa amachepetsa chilakolako cha chakudya, amaumitsa kukamwa ndipo amathamangitsako mtima. M'nyengo yotentha mwana wotere afunika kumuyang'anira kwambiri. Osasintha mlingo panokha, kambiranani ndi dokotala amene analemba. Achinyamata nawonso tiwachenjeze za zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Zili ndi kafeini wambiri, zimathamangitsa mtima ndi kuba tulo tomwe tikusowa kale.

Chimene chimatiopsa kwambiri ife ndi nyanja. Mwana wina akatenthedwa amayamba waganiza, uyu amangodumphira. Kumwera kwa nyanja kuno kuli ng'ona ndi mvuu, kuli likodzo m'malo a bango, ndipo mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa. Kumuletseratu sikutheka, nyanja ili pakhomo. Mayiwo anagwirizana naye kuti azipita madzulo, padooko lodziwika, limodzi ndi amalume ake, ndipo anayamba kuona ulendowo ngati mphotho ya tsiku.

Zina zinali zazing'ono. Homuweki inasamukira m'mawa kwambiri, pansi pa mtengo wa mango, mphindi 15 kenaka apume. Asanagone amasamba, ndipo amagona pakhonde koma m'neti, chifukwa udzudzu sudziwa kuti kwatentha. Aphunzitsi atapemphedwa mwaulemu anamuika pafupi ndi chitseko n'kumamutuma kukatenga choko akaona kuti wayamba kutakataka. Nafenso pampingo tinadzifunsa ngati n'chilungamo kuyembekeza mwana wotere kukhala chete pabenchi kuyambira Sukulu ya Sabata mpaka ulaliki utatha, denga likuotcha. Tsopano pakhomo pa tchalitchi pamakhala ndowa ya madzi, ndipo kalasi ya ana imakumana pamthunzi.

Mwana aliyense akayamba chizungulire, nseru, kufooka kapena mutu pamene anali padzuwa, mugonekeni pamthunzi, mupukuteni ndi nsalu yonyowa, ndipo amwe madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono. Akayamba kubwebweta, kukomoka kapena thupi kutentha kwambiri, musamumwetse kanthu mokakamiza. Pitirizani kumuthira madzi muli panjira ya kuchipatala, ndipo akamuyezenso malungo.

Mnyamata uja sanasinthe n'kukhala mwana wina. Amaiwalabe, ndipo mabotolo awiri anataya teremu isanathe. Koma mpaka mvula inagwa sanathawenso m'kalasi, ndipo tsiku lina mayi ake anatiuza akuseka kuti kashamu kaja anakasonkhezera pamoto wa nyemba.