Cifukwa cake minda ya mpesa ikusamukira kumalo ozizira

Ambiri a ife mpesa timaudziwa cifukwa timaumva m'Malemba ndiponso timalandira cipatso cake m'cikho ca Mgonero wa Ambuye, koma ndi ocepa amene tinalowapo m'munda wa mpesa. Vinyo wambiri amene timaona m'masitolo a ku Lusaka, Ndola kapena Chipata amacokera ku South Africa. M'nkhani ino tiona cifukwa cake mpesa wa vinyo umabereka bwino kumadera ena okha, ndi zimene zikucitikira alimi ake tsopano pamene dziko likunka litentha.

Mtengo wosankha nyengo

Mpesa susankha nthaka kwenikweni. Umamera ndi pamiyala pomwe, pamene cimanga sicingacite kanthu. Cimene umasankha ndi nyengo. Umafuna miyezi yozizira kuti ugwetse masamba ndi kupumula. Kukayamba kufunda, kutentha kukafika pa madigiri 10, umaphukira. Kucokera pamenepo umafuna dzuwa la miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, lokwanira kukhwimitsa mphesa koma losazipsereza. Akatswiri amati pa miyezi imeneyi kutentha, tikaphatikiza usana ndi usiku, kumayenera kukhala pakati pa madigiri 12 ndi 22.

Nyengo yotere imapezeka kwambiri m'zigawo ziwiri za dziko lapansi, cina kumpoto ndi cina kum'mwera, kutali ndithu ndi mzere wa ikweta. Kumpoto kuli France, Italy, Spain ndi California. Kum'mwera kuli Chile, Argentina, Australia, New Zealand ndi cigawo ca Western Cape ku South Africa, kumene vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659. Ku Cape kukanatentha kwambiri kukanapanda madzi ozizira a m'nyanja ya Atlantic ndi mphepo ya kum'mwera cakum'mawa imene imaomba m'cilimwe. Ndiponso mvula yakumeneko imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimapsa kuli gwa.

Kuno kwathu zinthu n'zosiyana. Mvula yathu imabwera pamodzi ndi kutentha, kuyambira November mpaka March. Mphesa zikamapsa m'cinyezi cotere zimacita nkhungu ndi kuola. Kuzizira kwathu kwa June ndi July nakonso n'kwa nthawi yocepa. Mpesa wa pakhomo ungathe kubereka ndithu, koma munda waukulu wa vinyo umafuna nchito yambiri ndi mankhwala ambiri. Anansi athu a ku Tanzania amalima mphesa ku Dodoma cifukwa kumeneko n'kouma ndiponso n'kokwera, ndipo amakolola kawiri pa caka.

Zimene kutentha kumacita mkati mwa mphesa

Mphesa ikamapsa, zinthu ziwiri zimacitika nthawi imodzi: shuga amaculuka, kuwawasa kumacepa. Wopanga vinyo amafuna kuthyola pa nthawi imene zonse ziwiri zalingana bwino, khungu litafiira ndiponso fungo litakhwima. Kukatentha mopitirira, shuga amathamanga, kuwawasa kumatha msanga, koma fungo ndi mtundu zimatsalira m'mbuyo. Mlimi akathyola msanga amapeza mphesa zosakhwima fungo. Akadikira amapeza shuga wambiri, ndipo popeza shugayo ndiye amasanduka mphamvu yoledzeretsa, vinyo wake amakhala waukali koma wosakoma.

Masiku a kutentha koopsa akatsatizana, vuto limakula. Kutentha kukapitirira madigiri 35, masamba amatseka timabowo take kuti asataye madzi, ndipo akatero amaleka kupanga cakudya ca mtengo. Matsango amene ali pa dzuwa amapsa khungu ndi kufota. Izi zinaoneka pa 28 June 2019, pamene mudzi wa Vérargues kum'mwera kwa France unafika madigiri 46, kutentha kumene sikunalembedwepo m'dzikolo. M'madera a Hérault ndi Gard alimi anapeza masamba ndi matsango zitauma ngati zawauka ndi moto, tsiku limodzi lokha.

Kufunda kumaononganso mwa njira ina imene sitingaiganizire. Nyengo yozizira ikatha msanga, mpesa umaphukira nthawi isanakwane, ndipo cisanu cikabwerera cimapha mphukirazo. Ndi zimene zinacitika ku France mu April 2021, pambuyo pa masiku ofunda a kumapeto kwa March. Alimi anacezera usiku akuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere ya mpesa kuti afunditse mpweya, komabe zokolola za caka cimeneco zinali m'gulu la zocepetsetsa pa zaka makumi angapo.

Umboni wa m'mabuku akale

Wina angafunse kuti, kodi si kale lomwe pamakhala zaka zotentha ndi zaka zozizira? Zoona, koma alimi a mpesa ali ndi umboni umene alimi ena ambiri alibe. Mumzinda wa Beaune, m'cigawo ca Burgundy ku France, masiku oyambira kukolola mphesa akhala akulembedwa kucokera mu 1354. Akatswiri amene anasanthula mabukuwo anafalitsa zimene anapeza mu 2019. Kwa zaka zoposa 600 kukolola kunkayamba ca pa 28 September. Kucokera mu 1988 kumayamba ca pa 15 September, masiku 13 patsogolo. Kale, caka cokolola msanga cinali codabwitsa. Tsopano ndico cakhala cizolowezi.

Kukolola msanga kuli ndi vuto lakenso. Mphesa zimene kale zinkapsa mu September, usiku utayamba kuzizira, tsopano zikupsa mu August, mkati mwa kutentha kwenikweni.

Kumene kwatentha, madzi nawo amasowa. Cilala ca ku Western Cape ca 2015 mpaka 2018, cimene cinatsala pang'ono kuumitsa mipopi ya ku Cape Town, cinacititsa kuti alimi acepetsedwe madzi othirira, ndipo mphesa za vinyo za 2018 zinacepa ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi caka capitaco. Ku Australia, moto wa m'nkhalango wa 2019 ndi 2020 unaononga mphesa ngakhale m'minda imene motowo sunafikemo, cifukwa utsi umalowa m'khungu la mphesa ndipo vinyo wake amanunkha phulusa. Bungwe la padziko lonse loona za mpesa ndi vinyo, la OIV, linalengeza kuti vinyo wopangidwa mu 2023 anali wocepetsetsa kucokera mu 1961, ndipo wa 2024 anacepanso kuposa pamenepo.

Zimene alimi akucita

Ena akukwera mapiri. Munthu akakwera mamita 100, kutentha kumatsika ndi kupitirira pang'ono theka la digiri. N'cifukwa cake banja la Torres la ku Spain linabzala mpesa ku Tremp, m'munsi mwa mapiri a Pyrenees, pamalo okwera pafupifupi mamita 950. Ku South Africa, madera ozizirirako monga Elgin ndi Hemel-en-Aarde akhala ofunika kwambiri.

Ena akusunthira kumaiko amene kale anali ozizira mopitirira. Mu 2015 kampani ya Taittinger, ya m'cigawo ca Champagne ku France, inagula malo ku Kent, kum'mwera kwa England, kumene nthaka yake ndi ya miyala yoyera yofanana ndi ya kwao, ndipo inayamba kubzala mu 2017. Zaka makumi asanu zapitazo, anthu akanaseka kumva kuti Afalansa akukalima mpesa ku England.

Amene atsala pamalo ao akusintha malimidwe. Amasiya masamba ambiri kuti aphimbe matsango, amadulira mocedwa kuti mpesa usaphukire msanga, ndipo amathyola usiku kapena m'bandakuca mphesa zikali zozizira. Ena akusintha mbewu. Ku Bordeaux, kumene malamulo a mitundu ya mpesa ndi okhwima, mu 2021 analola mitundu 6 yatsopano kuti iyesedwe, kuphatikizapo Touriga Nacional wa ku Portugal, amene amapirira kutentha. Analola pang'ono cabe: isapitirire 5 peresenti ya munda.

Komabe zonsezi zili ndi malire. Akatswiri amene analemba m'magazini ya Nature Reviews Earth & Environment mu 2024 anacenjeza kuti dziko likapitiriza kutentha, pafupifupi 90 peresenti ya madera akale a vinyo a m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za ku Spain, Italy, Greece ndi kum'mwera kwa California angathe kuleka kubereka pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 zino.

Amene sangathe kusamuka

Mlimi wa cimanga akaona kuti mbewu ina yamugwiritsa mwala, caka camawa amagula ina. Mlimi wa mpesa sangatero. Mpesa umatenga zaka zitatu kapena zinai usanapereke zokolola zenizeni, ndipo umakhala m'munda zaka 30 kapena kuposa. Wobzala lero akubzalira nyengo ya m'ma 2050, imene sanaionepo. Akasankha molakwa, ana ake ndiwo adzalipira.

Kampani yaikulu ingagule phiri kapena malo kudziko lina. Mlimi wa munda waung'ono amene anasiyiridwa ndi makolo ake alibe kothawira. Nawonso anthu aganyu, amene amadulira ndi kuthyola, ndiwo amaima pa dzuwa la madigiri 40, ndipo zokolola zikacepa masiku ao a nchito ndiwo amayamba kudulidwa. Ku Western Cape, pakati pa anthu amenewa pali ambiri ocokera ku Zimbabwe ndi Lesotho, amene ndalama zao zimadyetsa mabanja kumudzi.

Ife sitilima mphesa zambiri, koma zimene zimacitikira mpesa sizacilendo kwa ife. Cimanga naco cikakumana ndi kutentha kopitirira madigiri 35 pa nthawi ya ngaiyaye, mungu wake umafa ndipo zitsononkho sizidzaza. Tinaziona mu 2024, pamene mvula inadula cimanga cili pakati ndipo pa 29 February boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Alimi a ku Beaune anatha kusonyeza kuti nyengo yao yasintha cifukwa makolo ao ankalemba tsiku lokolola caka ndi caka. Nafenso tingayambe kulemba m'kabuku tsiku limene mvula yayamba, masiku amene yadula, mbewu imene tabzala ndi matumba amene takolola. Pakapita zaka khumi, kabuku kameneko kadzatithandiza posankha mbewu ndi nthawi yobzala kuposa kungodalira zimene tikukumbukira.