Webusaiti Nayo Ili ndi Mita Yake

Aliyense amene wakhalako mu Mississauga muno kwa chaka chimodzi kapena ziwiri akudziwa chifukwa chimene makina ochapira zovala amayambira kulira m'nyumba zathu ikangokwana 7 koloko madzulo. Kuyambira ola limenelo mpaka 7 koloko m'mawa, komanso Loweruka ndi Lamlungu tsiku lonse, magetsi amatsika mtengo kwa onse amene amalipira malinga ndi nthawi. Bilu ya hydro, imene kale inkachokera ku Enersource koma kuyambira 2017 imachokera ku Alectra, inatiphunzitsa kuzimitsa getsi potuluka m'chipinda. Amene tinakulira pa mayunitsi a ESCOM phunziroli tinabwera nalo kale.

Chimene ambiri a ife sitinkachidziwa n'chakuti webusaiti ya bungwe lathu nayo ili ndi mita yake. Nkhaniyi inatulukira pa msonkhano wa komiti, pamene a msungichuma anafunsa chifukwa chimene bilu ya kampani yotisungira webusaiti inakwerera mwadzidzidzi titangoika zithunzi za chikondwerero cha pa 6 July. Ndalamayo siinali yoti n'kugwetsa bungwe ayi, koma imachokera m'thumba lomwelo limene timathandizira maliro ndi kulandira ophunzira atsopano akatsika ndege pa Pearson. Tsono tinaona kuti n'koyenera kuifotokoza bwino nkhaniyi, makamaka kaamba ka ana athu amene akuphunzira za makompyuta.

Maganizo ogulitsa mphamvu ya kompyuta ngati madzi kapena magetsi ndi akale ndithu. M'chaka cha 1961, katswiri wina dzina lake John McCarthy, polankhula ku sukulu ya MIT ku America, ananena kuti tsiku lina anthu azidzalipira ntchito ya kompyuta monga amalipirira telefoni. Zinatenga zaka 45 kuti zimenezi zifike kwa munthu wamba. Mu 2006 kampani ya Amazon inayamba kubwereketsa malo osungira zinthu pa mtengo wa masenti 15 a ku America pa gigabyte imodzi pamwezi, ndipo m'chaka chomwecho inayambanso kubwereketsa makompyuta pa masenti 10 pa ola. Kuyambira 2017 ambiri mwa makompyutawa amawerengeredwa pa sekondi. Izi ndi zimene masiku ano anthu amangoti cloud.

Dzinalo lisatinamize, makompyutawa sali m'mitambo. Ali m'zinyumba zikuluzikulu zodya magetsi usana ndi usiku, ndipo zina sizili patali ndi ife. Microsoft inatsegula malo ake ku Toronto ndi ku Quebec City mu 2016, Amazon ku Montreal kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo Google inafika ku Toronto mu 2021. Amene mumakwera sitima ya GO kupita ku Union, mukatsika n'kuyenda pang'ono mudzaona nyumba ya pa 151 Front Street West. Kunja kwake sichititsa kaso, koma m'katimo ndi mmene zingwe za makampani ambiri a intaneti a dziko lino zimakumaniranamo.

Ubwino wa dongosololi ndi woonekeratu. Bungwe laling'ono ngati lathu silifunika kugula seva, kuipezera chipinda chozizira, kapena kudzuka pakati pa usiku ikafa. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinasintha. Kale munthu akagula kompyuta yake, pulogalamu yolembedwa mosasamala inkangochedwa basi, mwini wake n'kumadikira. Lero kuchedwa komweko kumalembedwa pa bilu. Pulogalamu yogwira ntchito ya sekondi imodzi m'masekondi khumi ikufanana ndi mpopi wodontha, ndipo amene amalandira bilu ya madzi ya Region of Peel akudziwa kuti mpopi wotero sudikira kuti mwini nyumba abwere kuntchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi, pongopereka chitsanzo. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi cholemera pafupifupi ma megabyte 5. Zithunzi 200 zoterezi zikaikidwa pa tsamba limodzi mmene zilili, ndiye kuti tsambalo lafika gigabyte yathunthu. Makampani akuluakulu amalipiritsa data yotuluka m'makina awo, ndipo ku Amazon mtengo wake ndi pafupifupi masenti 9 pa gigabyte munthu akadutsa ma gigabyte 100 aulere a pamwezi. Anthu 500 akatsegula tsamba lija lonse, yolipira ndi ma gigabyte 400, amene ndi madola 36 a ku America. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kufika pa ma kilobyte 200 chilichonse, diso silionapo kusiyana kwenikweni pa foni, koma tsamba lonse limangolemera ma megabyte 40, ndipo anthu 500 aja sangamalize ngakhale gawo laulere lija. Ntchito yochepetsayo ndi ya mphindi zochepa.

Vuto lathu lina linali lobisika kuposa pamenepa. Mnyamata wina wa m'bungwe mwathu, amene akuphunzira za mapulogalamu, atayang'ana anapeza kuti tsamba la zilengezo linkamangidwa mwatsopano nthawi iliyonse munthu akalitsegula. Seva inkapita kukafunsa nkhokwe ya data za chilengezo chilichonse pachokhapachokha, ngakhale kuti zilengezozo zimasintha mwina kamodzi pa sabata. Zili ngati mayi amene akuphikira alendo makumi awiri, n'kumapita kuchigayo ndi kambale ka chimanga pa mlendo aliyense. Mankhwala ake ndi kumanga tsambalo kamodzi, kulisunga, n'kumalipereka lomwelo kufikira patabwera chilengezo chatsopano.

Musaganize kuti ndi ife ang'onoang'ono okha amene timapunthwa. Kampani ya Dropbox, itasamutsa katundu wake wambiri kuchoka ku Amazon kupita m'makina akeake, inalengeza mu 2018 kuti inapulumutsa pafupifupi madola 75 miliyoni m'zaka ziwiri. Kampani ya 37signals inaulula kuti mu 2022 inalipira madola 3.2 miliyoni pa cloud, ndipo chaka chotsatira inayamba kugula maseva ake. Sitikunena kuti njira yolipira pa mita ndi yoipa. Kwa amene ntchito yake imakwera ndi kutsika mosayembekezeka, ndi yothandiza kwambiri. Koma kwa amene ntchito yake ndi yofanana mwezi ndi mwezi, kubwereka sikuti nthawi zonse n'kotchipa.

Mbali imene inatikhudza kwambiri pa msonkhano uja siinali ya madola ayi. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga achemwali anga ku Ntcheu akatsegula tsamba limeneli, amalipira ndani?" Tonse tinakhala chete. Tsamba lolemera limalipiridwa kawiri: kuno bungwe limalipira kampani, ndipo kumudzi m'bale wathu amalipira ndi bandulo yake ya TNM kapena Airtel. Ife pano tili pa Wi-Fi yosatha, sitimva kanthu. Koma munthu amene wagula bandulo yaing'ono kuti aone dongosolo la mwambo wa maliro a mwana wake amene wamwalirira kunja kuno, bandulo n'kuthera pa zithunzi za phwando tsamba lisanatseguke n'komwe, ameneyo tamulakwira.

Ndipotu luso lopanga zinthu zopepuka si lachilendo kwa Amalawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health, limene anayambitsa a Gerry Douglas, linaika timakompyuta tongogusa ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene pano ndi Kamuzu Central Hospital. Tinali timakina totchipa, tosadya magetsi ambiri, ndipo mapulogalamu ake analembedwa moganizira kuti magetsi amathimathima. Achinyamata a ku Malawi amene anaphunzira ntchito kumeneko anazolowera kufunsa kuti chinthu chilichonse chikudya zingati.

Kwa ophunzira athu a ku University of Toronto Mississauga ndi a ku Sheridan pafupi ndi Square One, tili ndi mawu apadera. Mukamatsegula akaunti ya cloud pochita ntchito ya kusukulu, nthawi zambiri amakufunsani nambala ya khadi la kubanki, ndipo ena mwa inu mumapereka la makolo. Kumbukirani kuti mita imeneyi si ya ESCOM. Mayunitsi akatha magetsi amazima okha, ngongole palibe. Kuno makina amangopitirira, bilu n'kubwera pakutha pa mwezi. Kompyuta ya masenti 10 pa ola ikaiwalika ili yoyaka imadya madola 72 m'masiku 30, ndipo pachaka ndi madola 876. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ikani chenjezo loti likuuzeni ndalama zikafika pamlingo wakutiwakuti, koma dziwani kuti chenjezolo kawirikawiri limangotumiza uthenga, silizimitsa makina. Ntchito ikatha, fufutani zonse zimene munatsegula, kuphatikizapo malo osungira zinthu, chifukwa nawonso amalipiritsidwa ngakhale kompyuta itazimitsidwa.

Komiti yagwirizana kuti webusaiti yathu isamukire ku dongosolo la mtengo wokhazikika pamwezi, popeza alendo athu timawadziwa kuchuluka kwake. Tsamba la zilengezo za maliro lizikhala la mawu okhaokha, lopanda zithunzi, kuti lizitseguka ngakhale kumene netiweki ndi yofooka. Amene muli ndi zithunzi za zochitika zathu pitirizani kutumiza monga kale, koma zizidutsa kaye kwa achinyamata awiri amene adzipereka kuti azizichepetsa zisanaikidwe. A msungichuma adzawerenga bilu yatsopano pa msonkhano wotsatira.