KAPHIKIDWE KA NYAMA YA NG'OMBE KA KU KOREA: THEKA LA KILO LIKWANIRA BANJA LONSE

MAI aliyense wa pakhomo adziwa bvuto la nyama ya ng'ombe. Mtengo wace ndi wokwera, ndipo ikagulidwa ifuna kukhala pamoto maola awiri kapena atatu isanafewe, kufikira makala atha m'mbaula ndi ana ayamba kuodzera ndi njala. Pogawa, nthuli zazikulu zipita kwa atate ndi alendo, ana natsala ndi msuzi ndi mafupa, pamene iwo ndiwo afunitsitsa cakudya comanga thupi.

Anthu a ku Korea, dziko la kum'mawa kwa Asia limene liri pakati pa China ndi Japan, ali ndi njira yao yophikira nyama imene ithetsa mabvuto awa. Ndiwo yace aicha bulgogi. M'cilankhulo cao bul ndi moto, gogi ndi nyama, cotero dzinali litanthauza nyama ya pamoto. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Lero tiyeni tione cimene tingatolepo pa kaphikidwe ka anthu a kutali amenewa.

NG'OMBE INALI YA KUMUNDA

Odziwa mbiri ya dzikolo amati ciyambi ca ndiwoyi ndico nyama yoocha pa timitengo, yochedwa maekjeok, imene inali kudyedwa mu ufumu wakale wa Goguryeo. Ufumu umenewu unagwa m'caka ca 668. M'nthawi ya mafumu a Goryeo, kuyambira 918 kufikira 1392, cipembedzo ca Buddha cinali ndi mphamvu, ndipo kupha nyama sikunali kuyamikiridwa. Kudya nyama kunakulanso pamene a Mongol, anthu oweta ziweto, analowa m'dzikomo ndi nkhondo kuyambira mu 1231.

Mu ufumu wa Joseon, umene unayamba mu 1392, ng'ombe inali cuma ca mlimi cifukwa ndiyo inali kukoka khasu m'minda ya mpunga. Mafumu kawirikawiri anali kulengeza malamulo oletsa kupha ng'ombe kuti ulimi usafe. Ku nyumba ya mfumu ndi kwa anthu olemera anali kudya nyama yocekedwa mopyapyala ndi kuthiridwa zokometsera, yochedwa neobiani, koma munthu wamba anali kuilawa mwa kamodzikamodzi.

Dzikolo linagawidwa pawiri mu 1945, ndipo nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya njala ndi umphawi waukulu. Kwa zaka zambiri pambuyo pace bulgogi inali ndiwo ya tsiku la cikondwerero. Ku mzinda wa Seoul anazolowera kuiphika ndi msuzi wambiri, bowa ndi anyezi, kotero kuti nyama yocepa ikwanira anthu ambiri, pamene ku Gwangyang ndi ku Eonyang, kum'mwera, aiocha pa makala kufikira lero. Masiku ano South Korea ndi dziko lolemera, ndipo ndiwoyi yachuka pa dziko lonse, mwakuti mu 2021 dzina lace linalowetsedwa m'buku lalikulu lomasulira mau a Cingerezi la Oxford.

CINSINSI CIRI PA MPENI

Pa gome la ku Korea sipakhala mpeni. Anthu adya ndi supuni ndi timitengo tiwiri ta citsulo, motero zonse zicekedwa kukhichini zisanafike pamoto. Nyama ya bulgogi icekedwa yopyapyala ngati cikuto ca buku, ndiye cifukwa cace ipsa pa mphindi zowerengeka cabe.

Cinsinsi caciwiri ndico kunyika nyama m'zokometsera isanaphikidwe. Cacikulu mwa izo ndi msuzi wakuda wa soya umene iwo aucha ganjang. Pa mwambo wao amaphika nyemba za soya, nazisinja, naumba mibulu ngati njerwa, naiumitsa, kenaka naibviika m'madzi a mcere m'mitsuko ikuluikulu. Madzi amene atuluka ndiwo ganjang. Mu 2024 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Alimi athu a soya angakondwe kumva kuti mbeu imene amalima ilemekezedwa motere. Msuzi wa soya ugulitsidwa m'mabotolo m'masitolo akulu a m'matauni, ndipo botolo limodzi liphika ndiwo kangapo.

Pofewetsa nyama, a ku Korea amathira madzi a cipatso cochedwa bae, cozungulira ngati apulo wamkulu, cotsekemera ndiponso ca madzi ambiri. Cipatsoci kuno sicipezeka wamba, koma papaya wosapsa kapena cinanazi zigwira nchito yomweyo, ndipo mphamvu yace iposa ya bae.

ZOFUNIKA PA BANJA LA ANTHU 6

Nyama ya mnofu yopanda fupa, theka la kilo, makamaka ya kumsana
Msuzi wa soya, masupuni akulu 4
Shuga kapena uci, masupuni akulu 2
Adyo, mano 4
Anyezi mmodzi wamkulu ndi masamba a anyezi pang'ono
Karoti mmodzi, ndi bowa ngati alipo
Papaya wosapsa wosinja, supuni yaikulu imodzi
Citowe, masupuni akulu 2
Tsabola wakuda wa ufa, kotsina ndi zala
Mafuta ophikira, masupuni akulu 2

KAPHIKIDWE

Yambani ndi kunola mpeni. Yang'anani bwino mnofu ndipo mudzaona timizere tonga ulusi toyenda mbali imodzi. Cekani modutsa timizereto, osati motsata, pakuti kuceka motsata ndiko kusiya nyama yokanika kutafuna. Amene ali ndi firiji aikemo nyama kwa ola limodzi kuti iumeko, icekeka bwino. Amene alibe aceke monga angathere, kenaka amenyemenye tizidutswa ndi msana wa mpeni kufikira tapyapyala.

Kazingani citowe pa ciwaya copanda mafuta kufikira canunkhira, ndipo musinje m'kamtondo. Ku Korea amathira mafuta a citowe, koma citowe cokazinga cipatsa pafupifupi fungo lomwelo. Sinjaninso adyo, theka la anyezi ndi papaya. Sakanizani izi m'mbale pamodzi ndi msuzi wa soya, shuga, tsabola ndi theka la citowe cija. Musathire mcere ai, popeza msuzi wa soya uli ndi mcere wokwanira.

Ikani nyama m'mbalemo ndi kuifinyafinya ndi manja osamba bwino kuti kacidutswa kalikonse kanyowe. Bvindikirani, ikani pa malo ozizira, ndipo muisiye mphindi 30. Cenjezo ndi ili: mukathira papaya wambiri kapena mukapitiriza nthawi, nyama idzasanduka phala. Ndiponso nyama yaiwisi siyenera kukhalitsa kunja pa nyengo yotentha. M'nthawi yoyembekeza imeneyi tsukani mpeni ndi thabwa ndi sopo, cekani karoti, bowa ndi anyezi wotsala mopyapyala, ndipo muteleke mpunga.

Tsopano kolezani moto kuti ukhale waukali. Ikani ciwaya, thirani supuni imodzi ya mafuta, ndipo akatentha yalani theka la nyama. Musaike yonse nthawi imodzi, cifukwa ciwaya cikadzala cizizira, nyama nitulutsa madzi ndi kubwata m'malo mokazingika. Tembenuzani kwa mphindi 3 kapena 4 kufikira kufiira konse kwatha ndipo m'mphepete mwayamba kuderako. Cotsani, mukazinge gawo laciwiri cimodzimodzi.

Pomaliza kazingani anyezi, karoti ndi bowa kwa mphindi 3, bwezerani nyama yonse, ndi kuthira zokometsera zotsala m'mbale pamodzi ndi theka la kapu ya madzi. Ziyenera kuwira ndithu kwa mphindi ziwiri, popeza zinakhudzana ndi nyama yaiwisi. Phulani, wazani citowe cotsala ndi masamba a anyezi pamwamba.

KADYEDWE KACE

Ku Korea aliyense alandira kambale kace ka mpunga, umene uphikidwa wopanda mcere kapena mafuta, koma ndiwo ziikidwa pakati kuti onse adyere pamodzi. Pambali pakhala timbale ta ndiwo za masamba tochedwa banchan, ndipo kimchi, ndiye kabici wosasitsa ndi mcere, adyo ndi tsabola, sasowa. Mwambo wao ndi wakuti ana sayamba kudya wamkulu wa pabanja asanatole supuni.

Ambiri akonda kutenga tsamba la letesi, kuikapo kanyama ndi mpunga pang'ono, kukulunga, ndi kuponya m'kamwa nthawi imodzi. Kadyedwe aka akacha ssam, ndipo ubwino wace ndi wakuti munthu adya masamba ambiri ndi nyama yocepa, nakhuta. Ndiwo ina yosabvuta ndiyo sipinaci wofutsa mphindi imodzi m'madzi owira, wofinyidwa, ndi kusakanizidwa ndi adyo, citowe ndi msuzi wa soya pang'ono. Repu kapena bonongwe zikhoza kulowa m'malo mwace. Pamene mpunga palibe, msuzi wa bulgogi ugwirizana bwino ndi nsima.

Kuyambira pa kunola mpeni kufikira pa kupakula sipapita ola limodzi, ndipo nthawi imene nyama ikhala pamoto siposa mphindi 15. Makala amene akadathera pa mphika umodzi atsalako a mawa. Koposa zonse, popeza nyama yacekedwa tizidutswa tambiri tofewa, palibe nthuli ya mkulu kapena fupa la mwana: agogo opanda mano atafuna, ndi mwana wamng'ono alandira gawo lace.

Inu amai ndi atate, ndiponso inu a m'makalabu a amai m'midzi, tsiku lina ng'ombe ikaphedwa pamudzi kapena mukapita kumsika, gulani mnofu wa theka la kilo ndipo muyese njira imeneyi. Kumbukirani zitatu izi: mpeni wakuthwa, mphindi 30 za kunyika, ndi moto waukali.