DONTHO LA PA DENGA LITHYOLA MWENDO KU MANGALANDE

Muno m'Zambia madzi a pa denga akamagwera pakhomo, mwini nyumba amangodandaula za matope. Koma ku Britain, kumene kuli ana a dziko lino ambiri ophunzira ndi ogwira nchito m'zipatala, dontho lomwelo limatha kugoneka munthu m'cipatala miyezi ingapo.

Nyumba za kumeneko zimakhala ndi ngalande yacitsulo kapena yapulasitiki yomangidwa m'mphepete mwa denga. Nchito yace ndi kulandira madzi a mvula ndi kuwapereka ku paipi imene imawatsitsa pansi, kutali ndi khomo. Madziwo si ocepa ai. Denga la masikweya mita 50 likalandira mvula ya mamilimita 10, malita 500 ndiwo amadutsa m'ngalandemo.

Bvuto limayamba m'miyezi ya October ndi November pamene mitengo imayoyola masamba. Masambawo amaunjikana m'ngalande ndi kutseka pakamwa pa paipi. Madzi akasowa njira yace amafuna ina: amasefukira pamwamba, kapena kutulukira polumikizira pamene pafooka. Ngati pobookapo pali pamwamba pa citseko, madzi amadonthera pa masitepe olowera m'nyumba.

Tsono kuyambira December mpaka February, usana dzuwa limasungunula cipale cofewa cimene cagwa pa denga, ndipo madzi amadontha tsiku lonse. Usiku kuzizira kukafika pa madigiri 0, madziwo amaundana nakhala gwa ngati galasi. Coopsa cace ncakuti madzi oundana otere saoneka. Munthu amatuluka m'mamawa kukali mdima, naponda sitepe imene anaipondapo dzulo osaopa kanthu, nkupezeka ali pansi. Acinyamata kawirikawiri amathyoka dzanja poyesa kudzigwira. Okalamba amathyoka pfupa la m'ciuno, ndipo ambiri a iwo sayendanso monga kale. Tsoka silinunkha.

Cisanu cimaononganso ngalande yeniyeniyo. Madzi akaundana amatupa ndi magawo 9 pa 100 alionse. Motero madzi otsalira m'ngalande yotsekeka amakankha zolumikizira usiku uliwonse, ndipo kulemera kwace kumapinda zitsulo zoigwirizira ku denga. Kaming'alu ka caka cino kamakhala cibowo caka camawa. Nyengo zina kuzizirako kumapyola muyeso. M'nyengo ya 1962 mpaka 1963 cisanu cinagwira dzikolo kuyambira kumapeto kwa December kufikira kuciyambi kwa March, mwakuti nyanja inaundana ku Herne Bay. Pa 10 January 1982 ku Braemar, m'dziko la Scotland, kunazizira madigiri 27.2 pansi pa 0.

Anthu ambiri akaona masitepe aterera amathamangira mcere ndi mcenga. Mcere umasungunuladi madzi oundana, koma mphamvu yace imacepa kwambiri kukazizira kufika madigiri 10 pansi pa 0, ndiponso umadya simenti ya masitepe. Pokhala dontho likali kugwa, mawa lace bvuto limabwereranso. Mankhwala eni-eni ali pa denga.

Nchito yokonza iyenera kugwiridwa masamba atangotha kugwa, cisanu cisanafike. Coyamba ndi kucotsa masamba ndi ndere zonse, kenaka kuthira ndowa ya madzi ku mapeto a ngalande ndi kupenyetsetsa kumene akupita. Madzi akaima osayenda, ndiye kuti ngalande yagwa pakati. Pamenepo zogwirizira ziyenera kumangidwanso, zosatalikirana kuposa mita imodzi, ndipo ngalande ipendekere ku paipi pafupifupi mamilimita 3 pa mita iliyonse.

Madzi akatulukira polumikizira, kakonzedwe kace kamatsata mtundu wa ngalandeyo. Yapulasitiki imakhala ndi mphira m'kati mwa columikizira. Mphirayo ikauma kapena kulowa mcenga, amaicotsa, natsuka malo ace, naikapo yatsopano. Nyumba zakale za m'mizinda monga Manchester ndi Leeds zina zikali ndi ngalande zacitsulo colemera zomangidwa ndi mabauti. Izi amazimasula, napala dzimbiri ndi phula lakale, namata phula latsopano pamalo pouma bwino. Kumata pamalo ponyowa ndi kutaya ndalama cabe.

Wokwera pa makwerero nayenso asamale moyo wace. Lamulo la amisiri nlakuti pa mamita 4 alionse okwera, tsinde la makwerero litalikire khoma ndi mita imodzi, ndipo pakhale mnzace woligwira. Makwerero sayenera kutsamira pa ngalande yapulasitiki, kapena kuimikidwa pa nthaka youndana. Nyumba yosanja ndi bwino kuisiyira mmisiri wodziwa nchitoyo.

Wokhala m'nyumba ya lendi adziwe kumene malamulo aima. Ku England lamulo la 1985 lochedwa Landlord and Tenant Act limanena kuti kukonza kunja kwa nyumba, pamodzi ndi ngalande ndi mapaipi ace, ndi udindo wa mwini nyumba. Motero wobwereka nyumba akaona dontho amudziwitse mwini msanga, ndipo acite cimeneci m'kalata kuti pakhale umboni. Komanso lamulo lina la 1957 limapatsa wokhala pamalo udindo wosamala alendo ace. Wopereka makalata kapena mlendo akagwa pa masitepe amene eni ace anadziwa kuti ngoterera, nkhaniyo itha kukafika ku khoti.

Kuyeretsa ngalande ndi nchito ya maola owerengeka kamodzi kapena kawiri pa caka. Pfupa la m'ciuno likathyoka, wodwala amafunika opareshoni ndi miyezi yambiri yophunziranso kuyenda. Ndico cifukwa cace eni nyumba anzeru ku Britain amayang'ana ku denga mu November, osadikira kuti masitepe awakumbutse mu January.