Maulendo oyenda pa madzi oundana ku Iceland: Kodi wotsogolera alendo amawateteza ku chiyani?

Pa 25 Ogasiti 2024, alendo 23 anali paulendo wokaona phanga la madzi oundana pa Breiðamerkurjökull, kumwera chakum'mawa kwa dziko la Iceland, pamene khoma la ayezi linagumuka. Bambo wina wa ku America anafera pomwepo, ndipo mayi amene anali naye anavulala. Anthu opulumutsa anzawo pangozi pafupifupi 200 anagumula ayeziyo kufunafuna alendo ena awiri omwe ankaganiziridwa kuti akwiririka. Tsiku lotsatira apolisi anapeza kuti chiwerengero cha alendo chomwe anapatsidwa chinali cholakwika, ndipo panalibenso wina pansi pa ayeziyo.

Alendowa anali ndi wowatsogolera, ndipo analipira ulendowo monga amachitira anthu ambirimbiri chaka chilichonse. N'chifukwa chake ngoziyi inadzutsa funso lomwe aliyense wofuna kupita kumeneko ayenera kulilingalira: kodi wotsogolera amathandiza pati, nanga mphamvu zake zimathera pati?

Kodi glacier n'chiyani?

Glacier ndi chimulu chachikulu cha madzi oundana chomwe chimapangika m'malo ozizira kwambiri, kumene chipale chofewa chimagwa chochuluka kuposa chomwe chimasungunuka. Chipale cha chaka chino chimapsinja cha chaka chatha, mpweya umafinyika n'kutuluka, ndipo patapita zaka zambiri chonsecho chimasanduka ayezi wolimba. Ayezi wotereyu amaoneka wobiriwira ngati thambo chifukwa amameza kuwala kofiira n'kubweza kwa buluu.

Chofunika kwambiri kwa woyenda pamwamba pake n'chakuti chimuluchi chimayenda. Kulemera kwake kumachititsa kuti chizitsetsereka pang'onopang'ono kulowera kuchigwa ngati mtsinje waulesi. Chikamadutsa pamiyala kapena pamalo otsetsereka, pamwamba pake pamang'ambika ming'alu yomwe imatha kuzama mamita 30 kapena kuposerapo. Madzi osungunuka nawo amaboola maenje ozungulira ngati zitsime, omwe amatsika mpaka pansi penipeni.

Glacier wamkulu kwambiri ku Iceland ndi Vatnajökull. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 7,700, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a Nyanja ya Malawi. Maulendo ambiri a alendo sachitikira pamwamba penipeni pa chimuluchi, koma pa nthambi zake zomwe zimatsikira m'zigwa, monga Falljökull pafupi ndi Skaftafell. Malo ena otchuka ndi Sólheimajökull, nthambi ya Mýrdalsjökull, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 160 kuchokera mumzinda wa Reykjavík. Pansi pa Mýrdalsjökull pali phiri lophulika la Katla, lomwe linaphulika mwamphamvu komaliza mu 1918. Mizere yakuda yomwe alendo amaiona mu ayezi ndi phulusa la mapiri otere.

Ulendo wake umayenda bwanji?

Ulendo wa oyamba kumene umatenga maola atatu kapena anayi, ndipo mwa maola amenewa, limodzi kapena awiri ndi omwe munthu amakhaladi pa ayezi. Pamalo oimika magalimoto aliyense amapatsidwa chipewa cholimba, lamba womangira chingwe m'chiuno, kankhwangwa kogwirira ayezi ndi zitsulo zokhala ndi mano akuthwa zotchedwa crampons, zomwe zimamangidwa kunsi kwa nsapato. Zitsulozi zimafuna nsapato zolimba zofika m'kakolo, ndipo makampani ambiri amabwereketsa nsapatozo kwa amene alibe.

Asanakwere, wotsogolera amaphunzitsa kayendedwe. Miyendo imayenera kutalikirana pang'ono kuti mano a zitsulo asakole thalauza, ndipo phazi lonse limayenera kuponda ayezi nthawi imodzi, mwamphamvu. Potsetsereka munthu amapinda mawondo n'kulunjikitsa mapazi kumene akupita. Kenako gulu limayenda mondondozana, aliyense akuponda mmene wadutsa mnzake wapatsogolo.

Ntchito yomwe alendo saiona

Mbali yaikulu ya ntchito ya wotsogolera imachitika alendo asanafike. Popeza ayezi amasuntha ndi kusungunuka, njira yomwe inali yabwino sabata yatha imatha kukhala itang'ambika lero. Otsogolera amayendera njirazo kawirikawiri, amasema masitepe ndi nkhwangwa, ndipo pamalo ovuta amakhoma zomangira zingwe mu ayezi. Amayang'ananso zanyengo, chifukwa ku Iceland mphepo ndi nkhungu zimabwera mwadzidzidzi, ndipo pa ayezi palibe mtengo kapena mwala woti munthu n'kuzindikirira njira yobwerera.

M'nyengo yotentha, kumunsi kwa glacier kumakhala kopanda chipale, choncho ming'alu imaonekera poyera. Chipale chikagwa, chimaphimba ming'aluyo n'kupanga timilatho tonyenga tomwe timathyoka munthu akapondapo. Wotsogolera wophunzitsidwa bwino amadziwa kumene ming'alu imakonda kukhala, ndipo amanyamula zingwe ndi zipangizo zotulutsira munthu amene wagweramo. Wogwera mumng'alu amapanikizika pakati pa makoma a ayezi, ndipo thupi lake limazizira mofulumira, choncho thandizo loyamba liyenera kuchokera kwa amene ali pomwepo.

Oyenda okha alibe chitetezo chimenechi. Mu Ogasiti 2007 alendo awiri a ku Germany anasowa m'dera la Svínafellsjökull, ndipo mpaka lero sanapezeke.

Chifukwa chiyani ntchitoyi ikunka ivuta?

Kutentha kwa dziko kukusungunula ma glacier mofulumira. Mu 2014 katswiri wina wa ku Iceland, Oddur Sigurðsson, analengeza kuti Okjökull sangatchedwenso glacier chifukwa ayezi wake anapyapyala mpaka kusiya kuyenda, ndipo mu Ogasiti 2019 anthu anakakhoma chikwangwani chachikumbutso pamalopo. Kutsogolo kwa Sólheimajökull tsopano kuli nyanja yomwe kunalibe kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndipo mtunda woyenda kuchokera poimika magalimoto kukafika pa ayezi wakhala ukutalika.

Ayezi akaphwa, mapiri omwe ankawachirikiza m'mbali amayamba kugumuka. Mu 2018 akuluakulu oona zachitetezo cha anthu ku Iceland anachenjeza kuti alendo asamapite pa Svínafellsjökull chifukwa cha mng'alu waukulu womwe unapezeka paphiri la pamwamba pake. Ku New Zealand, maulendo okwera wapansi kuchokera m'chigwa anatha pa Franz Josef mu 2012 ndi pa Fox mu 2014, ndipo tsopano alendo amafika pa ayezi pa helikopita. Ku Italy, chigawo cha glacier wa Marmolada chinagumuka pa 3 Julayi 2022 m'masiku otentha kwambiri, n'kupha anthu 11 omwe anali panjira yodziwika bwino yokwerera phirilo.

Mapanga a ayezi ali ndi vuto lawolawo. Amakumbidwa ndi madzi osungunuka m'nyengo yotentha, ndipo amalimba kukazizira. Mwachizolowezi ankayenderedwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, koma kuchuluka kwa alendo kunachititsa makampani ena kuyamba kuwayendera chaka chonse. Ngozi ya pa Breiðamerkurjökull inachitika m'chilimwe cha kumeneko. Itachitika, akuluakulu a paki ya Vatnajökull anaimitsa kaye maulendo a m'mapanga, kenako anakhwimitsa malamulo operekera zilolezo.

Apa ndi pomwe mphamvu za wotsogolera zimathera. Iye angathe kulambalala mng'alu, koma sangagwire khoma lomwe lafooka. Chomwe angachite ndi kukana kulowetsamo anthu, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha kampani yake ikalolera kutaya ndalama za tsikulo.

Zofunika kufunsa musanalipire

Amene akukonza ulendo wotere afunse ngati kampaniyo ili ndi chilolezo chogwira ntchito pamalopo, ngati wotsogolera ali ndi maphunziro a pa glacier ndi a chithandizo choyamba, komanso kuti wotsogolera mmodzi amayang'anira anthu angati. Afunsenso zomwe zimachitika nyengo ikaipa. Kampani yomwe imabweza ndalama kapena kusintha tsiku popanda kukangana imapatsa wotsogolera wake ufulu wobweza gulu akaona zokayikitsa.

Zovala zikhale zingapo zophatikiza, zakunja zikhale zosalowa madzi, ndipo magolovesi asaiwalike. Thalauza la jinzi silithandiza chifukwa likanyowa limasunga chisanu. Makampani amaika msinkhu wa ana ololedwa, choncho makolo afunsiretu. Ndi bwinonso kuona ngati inshulansi ya paulendo ikuphatikiza kuyenda pa glacier. Nambala ya pangozi ku Iceland ndi 112.

Dziko la Iceland lili m'gulu la Schengen. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku America sichilowa m'malo mwa vizayo.