Moto m'sukulu zogonera: khomo lokhoma ndi loko lapha ana ambiri

Usiku wa pa 5 Sepitembala 2024, anyamata oposa 150 anali m'tulo m'nyumba yawo yogona pa sukulu ya pulayimale ya Hillside Endarasha, ku Nyeri m'dziko la Kenya. Pakati pa usiku moto unabuka, ndipo poti nyumbayo inali ya matabwa, siinachedwe kuyaka. Ana 21 anamwalira. Ena anapseratu moti makolo anachita kudikira zotsatira za DNA kuti azindikire thupi la mwana wawo. Pulezidenti William Ruto analengeza masiku atatu okhuza maliro m'dziko lonse.

Misozi ya anthu a ku Kenya inasakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa maliro otere sanali achilendo. Mu 1998 atsikana 26 anafa ndi moto pa sekondale ya Bombolulu, kufupi ndi Mombasa. Mu 2017 atsikana 10 anafa pa Moi Girls mumzinda wa Nairobi. Koma ngozi imene imatchulidwabe koposa ndi ya pa Kyanguli, ku Machakos, m'mwezi wa Malichi 2001, pomwe anyamata 67 anatha usiku umodzi.

Pa Kyanguli moto unachita kuyatsidwa ndi petulo, ndipo ophunzira awiri anazengedwa mlandu. Komabe chimene chinachulutsa maliro ndi mamangidwe ndi kasamalidwe ka nyumbayo. Anyamata anali othithikana, khomo limodzi mwa makomo awiri linali lokhoma, ndipo mawindo onse anali ndi zitsulo zotchinga akuba. Atadzidzimuka mu utsi, onse anathamangira khomo limodzi lomwelo n'kumapondana. Mu 2016 khoti lalikulu la dzikolo linalamula boma kupereka chipepeso kwa mabanja, litapeza kuti akuluakulu a sukulu sanachite zoyenera kuteteza anawo.

Malamulo analipo kale

Mu 2008 unduna wa zamaphunziro ku Kenya unatulutsa buku la malamulo a chitetezo m'sukulu. Zimene limanena pa nyumba zogona n'zomveka bwino. Pakhale khomo kumbali zonse ziwiri, ndipo zitseko zizitsegukira kunja. Ana ali mkati, khomo lisakhomedwe chakunja. Mawindo asakhale ndi zitsulo. Pakati pa bedi ndi bedi pakhale mpata wa mamita 1.2, ndipo njira yodutsa pakati ikhale ya mamita 2.

Patapita zaka 16 chilembedwere bukulo, ana a ku Endarasha anafabe. Boma litatumiza anthu kukayendera sukulu pambuyo pa ngoziyo, linalamula kuti malo ogona a m'sukulu za pulayimale 348 atsekedwe chifukwa sanali kukwaniritsa malamulowo. Kuyenderako kukanachitika chaka chimodzi m'mbuyo, mwina makolo ena akanakhala ndi ana awo lero. Buku lili m'kabati silitsegula khomo. Pamafunika munthu woti ayende ndi mapazi ake, agwire loko ndi dzanja, awerenge mabedi.

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Kuno kwathu tchirelo lilipo, ndipo ndi lambiri. Tili ndi sekondale zogonera za boma, za mipingo ndi za anthu wamba. Tilinso ndi mahositelo a atsikana amene akumangidwa pa sukulu zoyendera pofuna kuwachepetsera mtunda, ndiponso ana ochuluka amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha pambaula. Kulikonse kumeneku ana amagona ambirimbiri pamalo ochepa.

Mafunso atatu

Moto uli ngati mphika umene umakhala pa mafuwa atatu: choyatsa, choyaka ndi mpweya. Ukachotsa fuwa limodzi, sungakhazikike. Mpweya sitingauchotse m'chipinda chogona ana, choncho woyendera sukulu amayang'ana zinazo ziwiri, kenako n'kufunsa funso lalikulu koposa, la potulukira.

Funso loyamba: n'chiyani chingayatse moto pano? Magetsi akathima, makamaka mayeso a MANEB akayandikira, ana amawerengera kandulo kapena koloboyi pabedi, nthawi zina mkati mwa neti. Ku Idodi, m'chigawo cha Iringa ku Tanzania, atsikana 12 anafa mu 2009 ndi moto umene unayambira pa kandulo ya wophunzira amene amawerenga usiku. Chachiwiri ndi mawaya a magetsi. M'sukulu zakale muli mawaya amene anaikidwa makolo a anawa asanabadwe, ena makoswe anawakukuta kudenga. Ana nawo amalumikiza timawaya tawo mobisa kuti atchaje foni, awiritse madzi kapena asite yunifolomu. Soketi yakuda ndi utsi, fungo la pulasitiki wopserera, ndi fyuzi yolumikizidwa ndi waya wamba ndi zizindikiro zofuna katswiri wa magetsi tsiku lomwelo. Palinso moto wochita kuyatsa. Madandaulo a zakudya, chilango kapena fizi akamangokwiriridwa, mkwiyo wa ana umathera pa nyumba za sukulu. Mphunzitsi wamkulu amene amamvera ana ake amakhala akuzimitsa moto usanayake.

Funso lachiwiri: ukabuka, upeza chiyani choti udye? Matilesi a siponji ndiwo oopsa kwambiri m'hositelo. Amayaka msanga ndipo amatulutsa utsi wakuda wapoizoni. Onjezani maneti, makatani, zovala zopachika pa zingwe, masutikesi ndi denga la matabwa. Kunja kuli milu ya nkhuni yotsamira khoma la khitchini, mankhwala ndi gasi wa mu labotale, mapepala akale m'sitolo, ndi udzu wouma umene moto wa osaka mbewa umaupeza m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala. Sukulu zoyendera nazo sizili pabwino. Ku Niamey, likulu la dziko la Niger, ana pafupifupi 20 anafa mu Epulo 2021 pomwe makalasi a udzu anayaka iwo ali mkati, masana. Zisakasa zotere zilipo pa sukulu zambiri za kumidzi kuno.

Funso lachitatu: ana atulukira pati? Ambiri amene amafa pa ngozi za moto amayamba akomoka ndi utsi, malawi asanawafike. Munthu ali m'tulo utsi sumudzutsa msanga, ndipo m'chipinda chodzaza matilesi nthawi yothawira imakhala mphindi zochepa chabe. Pamenepo n'pamene loko amasanduka wakupha.

Chifukwa chake amakhoma

Amene amakhoma makomo a mahositelo sachita mwankhanza. Matroni amaopa amuna olowera atsikana usiku, amaopa akuba, amaopanso ana ozemba kupita kokayenda. Makolo omwe amakondwera akaona zitsulo pa mawindo. Manthawa ndi oona, koma yankho lake lisakhale kutsekera ana m'nyumba yoti sangatulukemo. Khomo likhale ndi mpiringidzo wamkati umene mwana aliyense angatsegule mumdima popanda kiyi. Chitetezo cholimbana ndi akunja chikhale pa mpanda, pa kuwala kwa panja ndi pa mlonda. Ngati zitsulo za pawindo sizingachotsedwe zonse, zina zikhale za mahinjesi, zoti munthu amene ali mkati angathe kutsegula. Ndipo munthu wamkulu azigona m'nyumba momwemo, osati kutsidya kwa bwalo ndi makiyi m'thumba.

Ana olumala asaiwalike. Mu Okutobala 2022, ana 11 anafa pa sukulu ya osaona ya Salama, ku Mukono m'dziko la Uganda. Mwana wosaona, wosamva kapena woyendera njinga ya olumala agone pafupi ndi khomo, ndipo pakhale mnzake wodziwika amene ntchito yake ndi kumudzutsa ndi kutuluka naye.

Kudikira galimoto ya ozimitsa moto n'kosathandiza kwa sukulu zambiri. Magalimotowa amapezeka makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pa mabwalo a ndege. Sukulu ya ku Nsanje, Chitipa kapena Nkhotakota idzakhala itasanduka phulusa galimoto isanafike. Choncho chipulumutso chili m'manja mwa amene ali pomwepo.

Zambiri zofunika sizidula. Nyali za sola m'malo mwa makandulo. Ndowa za mchenga pakhomo lililonse. Belu kapena chitsulo chakale cha gudumu la galimoto chimene kulira kwake ana onse akudziwa tanthauzo. Kachipangizo ka batire kolira kakamva utsi. Chozimitsira moto chimene chimayang'anidwa chaka ndi chaka, ndipo aphunzitsi ndi alonda akudziwa kuchigwiritsa ntchito. Onse adziwe kuti moto wa magetsi kapena wa mafuta suthiridwa madzi, kuti mu utsi munthu amakwawa chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi, ndiponso kuti wotuluka sabwereranso kukatenga chikwama.

Teremu iliyonse ana ayeserere kuthawa moto, ndipo kamodzi kakhale ka usiku, magetsi atazimitsidwa. Asonkhane pamalo amodzi odziwika, monga pabwalo la mpira, n'kuitanidwa maina. Izi zimatheka pokhapokha ngati pali kaundula wa amene agona m'hositelo usiku umenewo. Ku Endarasha kunatenga masiku kuti akuluakulu atsimikize komwe kunali mwana aliyense, makolo akuzunzika ndi kusadziwa.

Ntchitoyi ndi ya alangizi a zamaphunziro, makhonsolo ndi eni sukulu, koma makolo asaisiye m'manja mwa ena. Tikamaperekeza mwana tsiku lotsegulira sukulu timafunsa za fizi, za chakudya ndi za mmene anakhozera a chaka chatha. Tiyambenso kupempha kuona kumene mwanayo azigona. Tiwerenge makomo, tikankhe chitseko tione kumene chikutsegukira, tifunse amene amasunga kiyi ndi kumene amagona. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ilembe zimene yapeza, itchule woti akonze ndi tsiku loti akhale atamaliza, ndipo pa msonkhano wotsatira nkhani yoyamba ikhale imeneyo. Sukulu imene ikukana kuonetsa makolo kogona ana siyenera kupatsidwa mwana.