Kuika phula pakhomo: ndalama zimapita kuti?

Mvula ikangoyamba mu Novembala, eni nyumba ambiri m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amakumbukira kanjira kochokera pageti kukafika pomwe amaimika galimoto. Matope akachuluka amaitana makontilakitala, koma mitengo yomwe amalandira imasiyana kwambiri, mwina wina kuposa mnzake kawiri pa malo omwewo. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti awiriwo sakugulitsa ntchito yofanana, ngakhale onse alemba kuti adzaika phula.

Phula lakudalo ndi chikopa chabe. Chomwe chimanyamula galimoto ndi maziko: dothi lapamwamba limachotsedwa, pansi pamatsenderedwa ndi makina, kenako pamathiridwa miyala ya kukwale yokhuthala masentimita pafupifupi 15, nayonso n'kutsenderedwa. Pa kanjira kotalika mamita 20 ndi mamita 4 m'lifupi, komwe ndi masikweya mita 80, maziko oterewa amadya makyubiki mita 12 a miyala yotsendera kale. Apa ndi pomwe kontilakitala wofuna kutchipitsa amabera, poti mwini nyumba sadzaonanso zomwe zakwiririka. Dothi nalo lili ndi gawo lake. Katondo wouma savuta, koma makande a m'mbali mwa madambo amafufuma kukagwa mvula n'kung'aluka m'chilimwe, choncho amafunika kukumbidwa mozama ndi kubwezeramo dothi lina. Munthu wopereka mtengo pafoni asanaponde pamalopo akungolota.

Tsono kukhuthala kwa phulalo. Kyubiki mita imodzi ya phula losakaniza ndi miyala imalemera matani pafupifupi 2.4. Pa masikweya mita 80 aja, kuyala mamilimita 40 kumafuna matani pafupifupi 7.7, pomwe mamilimita 25 amafuna matani 4.8 okha. Kusiyana kwa matani pafupifupi atatuku sikuoneka ndi maso tsiku lomaliza ntchito, koma kumaonekera mvula ikagwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kotesheni inene kukhuthala kwa phula likatsenderedwa, osati pothira. Inenenso mtundu wake, chifukwa kupopera phula lamadzi n'kumwazapo timiyala pamwamba ndi njira ina yotsika mtengo, yosiyana ndi phula lophikidwa pamodzi ndi miyala kumakina.

Dziko la Malawi silipanga phula. Limachokera kunja monga momwe mafuta a galimoto amabwerera. Mtengo wake umatsata ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zotere zidakwera nthawi yomweyo. N'chifukwa chake makontilakitala ambiri amaika masiku ochepa omwe mtengo wawo ukhale ukugwira ntchito. Izi n'zomveka, bola masikuwo alembedwe.

Pali chinanso chomwe chimalemetsa ntchito yaing'ono. Phula lophika limayenera kufika pamalo likadali lotentha, ndipo kubweretsa lole ndi makina otsendera kumadya ndalama yofanana, kaya akuyala masikweya mita 80 kapena 800. Anthu oyandikana nyumba akagwirizana kuchita ntchitoyi tsiku limodzi, mtengo wa sikweya mita umatsika. Koma chenjerani ndi wogogoda pageti n'kunena kuti ali ndi phula lotsala ku ntchito ya msewu: likazizira silitsenderekanso bwino, ndipo komwe lachokera nkosadziwika.

Kunena zoona, pa kanjira kakang'ono ka pakhomo timabuloko ta simenti tolumikizana nthawi zambiri timaposa phula. Timaumbidwa konkuno, sitifuna makina aakulu, ndipo paipi ya madzi ikaphulika pansi mumangozula, kukonza, n'kubwezeretsa popanda chigamba. Tokhuthala mamilimita 60 timakwanira galimoto zazing'ono. Pomwe pamalowa malole pamafunika ta mamilimita 80. Ta masentimita 20 ndi 10 timalowa 50 pa sikweya mita, kutanthauza 4,000 pa chitsanzo chathu chija. Nato timafuna maziko abwino ndi mpendero wolimba m'mbali, apo ayi timamwazikana. Phula limapambana pa njira yaitali, monga pa mapuloti aakulu pomwe nyumba ili kutali ndi geti.

Madzi ndiwo mdani wamkulu wa zonsezi. Njira iyenera kupendekeka masentimita pafupifupi 2 pa mita iliyonse kuti madzi asaime, ndipo asalunjike kukhoma la nyumba kapena kwa mnansi. M'madera otsetsereka a mu Blantyre ngalande imatha kudya gawo lalikulu la ndalama yonse, ndipo makotesheni otchipa kawirikawiri sayitchula n'komwe. Malo apakati pa geti ndi msewu si a mwini nyumba, choncho musanatseke ngalande ya msewu kapena kuika kalavati, kafunseni kukhonsolo ya mzinda.

Pofuna kuyerekeza, lembani nokha pepala limodzi lonena kukula kwa malo, kuzama kwa maziko, kukhuthala kwa phula, ngalande, mpendero ndi wochotsa dothi lokumbidwa, ndipo mupereke pepala lomwelo kwa makontilakitala atatu. Funsani ngati msonkho wa VAT uli momwemo, komanso ngati adalembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC. Kaoneni ntchito yomwe adagwira zaka zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha. Malipiro akhale a magawo: pang'ono poyamba, ena maziko akatha inu mutawaona ndi kuyeza, otsala pomaliza. Pa ntchito zazikulu mwini ntchito amasunga 5 kapena 10 peresenti ya ndalama kwa miyezi ingapo kudikira ngati pangaoneke zolakwika, ndipo palibe choletsa mwini nyumba kulemba zomwezo m'mgwirizano wake, kuti ndalamayo idzaperekedwe dzinja limodzi likadutsa.